Mpando Waufupi wa Amayi

Kuseri kwa nyumba yathu, pafupi ndi nkhokwe, kuli kachipinda ka zidina kamene atate amakatcha ofisina, kutanthauza mogwirira ntchito mmisiri. Ulemu wake unali m'dzina mokhamo. M'kati munali matabwa, miyendo ya mipando, zitseko zosakhomedwa, kabati yopanda msana, zonse zili mbwee, nkhuku zikuikira mazira mu utuchi.

Atate anaphunzira umisiri wa matabwa ku mishoni ya Fonte Boa ali mnyamata. Nkhondo itatithamangitsira kutsidya kwa malire, ku Dedza, ananyamula serote yochekera matabwa ndi pulaina yopalira m'thumba, pobwerera n'kubwera nazo. Luso anali nalo, palibe wotsutsa. Koma anali ndi nthenda yosiya ntchito pakati. Akati ayambe meza, kwagwa maliro, akhome bokosi. Akati abwerere ku meza, mvula yagwa, khasu likuitana. Kenako maso anayamba kuchita nkhungu mpaka anatsekeka ndithu, ofisina n'kusanduka ya nkhuku.

Ine si mmisiri. Ndine wa mbatatesi, ndimalima n'kumakagulitsa ku Ulongwe, ndipo mtima wanga ndi wapachala. Chimene chinandilowetsa mu ofisina ndi mawondo a amayi. Moyo wawo wonse ankakhala pamphasa, monga achitira akazi a msinkhu wawo kwathu kuno, pakuti mpando ndi wa abambo ndi alendo. Tsopano mawondo anakana. Akakhala pansi, kudzuka kunkafuna anthu awiri owakoka m'khwapa, iwo akubuula. Manyazi anawagwira, moti anayamba kungogona m'nyumba tsiku lonse, osatulukanso kukaothera dzuwa. Kuzizira kwa kuno, munthu wachikulire akasiyana ndi dzuwa sachedwa kufota. Ndinkawaona akutha, ndipo ndinkaopa.

Ndinawagulira mpando wa pulasitiki ku Kalomwe. Anaukhala kamodzi kokha, miyendo ili lendelende, msana ukuwawa, n'kundiuza kuti ndiwatsitse asanagwe. Lero mpandowo timaikapo beseni. Apo m'pamene atate, ali pakhonde, ananena chapansipansi kuti mpando wa amayi ulipo kale mu ofisina, kungoti sunalumikizidwe. Anauyamba chaka chimene tinabwerera kuno. Amayi atamva kuti ndi wawo anaukana, ati angakhale bwanji pamwamba ngati mwamuna apongozi akali moyo? Atate anakhumudwa, n'kuusiya pomwepo.

Kutacha ndinalowa ndi tsache. Ndinati ndiyambe ndakonza, m'chisa cha makoswe chotere munthu angapezemo chiyani? Ndinathamangitsa nkhuku, ndinawola utuchi, ndinakhoma misomali pakhoma n'kupachika serote, nyundo, pulaina, chilichonse pamalo pake. Ndiye ndinafika pa matabwa. Ndinapeza timitolo tomangidwa ndi luzi, kamtolo kalikonse kosakanikira: miyendo, timatabwa topyapyala, tina tokhota. Ha, kusokoneza kwake! Ndinadula luzi lonse, n'kuika miyendo kwa miyendo inzake, zopingasa kwa zopingasa, zazitali uku, zazifupi uko. Pofika masana mu ofisina munali mbee, ine ndikudzitama ndekha.

Ndinawagwira dzanja atate kuti akakhudze ntchito yanga. Anapapasa pakhoma, akugwedeza mutu movomera. Atafika pa mulu wa miyendo anaima, n'kufunsa kuti luzi lija lili kuti. Nditawauza anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, wasankha ngati mbatatesi."

Anandifotokozera kuti mipando yawo siidziwa msomali, ndipo iwo sankalemba chizindikiro pathabwa. Nsonga ya thabwa lililonse ankaisemera bowo lakelake, kusema pang'ono, kuyesa, kusemanso, mpaka ziwirizo zigwirane. Nsonga ya mpando uwu singalowe m'bowo la mpando uja. Kamtolo kalikonse kanali chinthu chimodzi chathunthu, chongodikira tsiku lake. Kuthamanga sikufika, ine ndinali nditasakaniza ntchito ya zaka zambirimbiri m'mawa umodzi, ndipo mpando wa amayi unali utamwazikira m'milu yonseyo. Mtima unandipweteka kwambiri.

Ndinati ndiyambe kuyesa limodzilimodzi, koma milu yake ndikanayesa mpaka mvula kugwa. Atate anati ndiwakokere chitsa akhalepo, ine ndizingowapatsira.

Zimene ndinaona pamenepo sindidzaziiwala. Ankalandira thabwa, n'kuyendetsapo chala kuchokera nsonga ino mpaka iyo, kulinunkhiza, nthawi zina kuligogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu. Uwu ndi mkungudza, wa kabati ya aphunzitsi aja anasamuka. Iyi ndi mbawa, ya meza. Uwu ndi mlombwa, ika pafupi nane. Chala chinkalowa m'bowo n'kukhalamo kanthawi, kenako ankanditumiza ku mulu wakutiwakuti kuti ndibwere ndi zonse, iwo n'kupapasamo, n'kutola limodzi. Akalowetsa, linkagwira kuti gwa, popanda mpata ngakhale wa tsitsi. Ine kukamwa kuli yasa. Munthu wosatha kuona nkhope yanga, koma akuzindikira bowo limene anasema ndikali mwana! Ine amene ndimaiwala pamene ndasiya khasu dzulo. Anandigwira mantha aja ogwira munthu m'tchalitchi mukakhala zii, moti ndinkawapatsira matabwa ndi manja awiri.

Zinatitengera masiku angapo. Timitolo tinabwerera m'malo mwake, luzi ndinamanga ndekha, mfundo ziwiriziwiri. Kamtolo ka mlombwa katakwanira, ndinaona kuti miyendo yake ndi yaifupi zedi. Ndinati atate apa mwaphonya, uwu ndi wa mwana. Anangoti lumikiza. Ndinapaka kola womatira matabwa, n'kumamenya ndi nyundo ya mtengo pamene chala chawo chaloza, kenako ndinakwecha ndi lisha, pepala la mchenga lija, mpaka zikhato zawo zinavomera. Nditaupaka mafuta, mlombwa wakale uja unatulutsa mizere yofiira imene sindinkadziwa kuti ilimo. Unali mpando waufupi, wa msana wopendekera pang'ono, mikono yake yotakata, yotulukira kutsogolo.

Ndinawafunsa kuti amayi anawayeza liti. Anati sanawayeze, munthu wamoyo sayezedwa ndi chingwe, zimenezo ndi za bokosi. Ku Dedza kuja, pakhomo pa msasa wathu, panali mwala umene amayi ankapumulirapo akatula mtsuko. Atate anaona kuti akakhala pamenepo mapazi ankaponda pansi bwino, nkhope n'kumasuka. Anauyeza mwalawo ndi mkono wawo, kuchokera pachigongono mpaka pankhonya, ndipo muyezowo anaoloka nawo malire uli m'thupi. Ndinangopitiriza kupukuta mpando wopukutidwa kale.

Tinauika padzuwa, pambali pa khonde. Ine ndi mkazi wanga tinawatulutsa amayi, iwo akung'ung'udza kuti anthu odutsa awaseka. Tinawatsitsa pang'onopang'ono. Mapazi onse awiri anaponda pansi, msana unapeza potsamira, kung'ung'udza kuja n'kutha. Anakhala choncho kanthawi, maso ali chitsinzinire, dzuwa likuwaomba pankhope. Kenako anaika zikhato pa mikono ya mpando, anakankha, n'kuimirira okha. Anakhalanso, anaimiriranso. Mkazi wanga anagwira pakamwa, ine misozi inali itayamba kale.

Atate anali ataima pakhomo, khutu atalitembenuzira kwa ife.

"Akhala?"

"Akhala, atate. Ndipo adzuka okha."

Anabwera akupapasa mpaka anapeza mkono wa mpando, dzanja la amayi lili pomwepo. Amayi anawayang'ana kuyambira kumapazi.

"Inu, mpando umodzi zaka zonsezi?"

"Munaukana ndinu."

"Nanga mumati ndivomere tsiku lomwelo?"

Atate dzanja lawo sanalichotsepo.