Mwala wa Phada Umene Unawoloka Malire

Tsiku limenelo amayi ankandigonjetsa pa phada.

Kunali kotentha, mvula isanagwe. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kwathu ku Makanga, kutsidya kwa malire, ku Mozambiki. Ine ndinali ndisanathe msinkhu. Mlongo wanga Zuze anali woyamwa. Anagona pambali pathu pa kapulana. Kapulana ndiye chitenje kwathuko.

Inu obadwa posachedwa, mwina phada simumudziwa bwino. Timakumba kadzenje n'kuikamo timiyala. Umaponya mwala wina m'mwamba, n'kukokera timiyalato kunja, n'kuwakha. Ukaponyanso umatibwezera m'dzenje, n'kusiyako kamodzi. Kameneko wadya. Mwala ukagwa pansi timati wafa, ndiye amasewera mnzako.

Amayi sankafa msanga.

Mwala woponya unali wawowawo. Anautola kumtsinje ali namwali. Unali wakuda, wosalala, waukulu ngati dzira la nkhanga. Ankausunga pamwamba pa khomo, pamene anthu ena amasunga mpeni.

Amayi aakulu, akulu awo a amayi, zimenezi ankadana nazo. "Iwe Malita, munthu wa ana awiri uli pafumbi? Anthu aziti kwathu kuno kulibe mwambo!" Amayi ankangoseka, maso ali m'mwamba kutsata mwala. Abambo akamachokera kudimba ankaima, khasu lili paphewa, n'kumawerenga mokweza timiyala timene amayi adya. Ankawonjezera dala kuti ine ndikwiye.

Tsikulo abambo anali kudimba, kumunsi kwa mudzi. Mfuti zinayambira komweko.

Poyamba ndinayesa nsungwi zikuphulika pamoto. Kenako nkhuku zonse zinathamangira mbali imodzi. Mwala wa amayi unali m'mwamba. Anauwakha. Zimenezi ndimazikumbukira bwinobwino: anauwakha kaye, kenako n'kunyamula Zuze.

M'nyumba sitinalowemo. Ufa unatsala, bulangete linatsala, mbuzi zinatsala pachingwe. Ine ndinathawa ndi fumbi la phada m'mawondo.

Sindidziwa kuti anali asilikali a mbali iti. Nthawi imeneyo sitinkafunsa. Aliyense wa mfuti tinkamuthawa.

Tinalowa m'tchire pamodzi ndi anthu ena a m'mudzi. Amayi aakulu anathawira kwina, sitinawaone. Titafika pachulu china, amayi anakwera n'kuyang'ana kudimba. Kunali utsi. Anaitana kamodzi, "Bambo a Esnati!" Esnati ndine. Mayi wina anawatseka pakamwa ndi dzanja n'kuwatsitsa. Kuchokera pamenepo amayi sanalankhulenso.

Tinalunjika kumapiri a Dzalanyama. Pamtsinje woyamba anthu anagwada, kumwa ndi manja awiri. Amayi ankamwa ndi dzanja limodzi. Lamanja linali lofumbata. Ndinawafumbatula zala, chimodzichimodzi. Munali mwala uja.

Mkulu wina anauona n'kupukusa mutu. "Anzanu anyamula mchere, inu mwanyamula mwala?" Amayi anaumanga pansonga ya kapulana, mfundo yake yolimba.

M'nkhalango Mulungu anatisungira masuku. Anali atagwa okha pansi, akupsa, ngati wina anadziwa kuti tidutsa. Tinkalimbirana ndi anyani. Tikapuma ndinkasonkhanitsa nthanga za masuku, n'kukumba kadzenje pafupi ndi mapazi a amayi. Ndinkaponya kamwala, ndikuwayang'ana cham'mbali. Iwo ankatembenukira kwina.

Malire sitinawaone. Panalibe mpanda, panalibe chikwangwani. Tinangokumana ndi bambo akukankha njinga ya nkhuni. Anatiyang'ana kumapazi n'kuvula chipewa. "Khalani pansi mupume. Kuno ndi ku Malawi." Anthu ena analira, ena anayamba kuimba. Zuze anayetsemula, ndipo mayi uja anatseka amayi pakamwa anati, "Wavomera."

Anzathu aja anapita kumene ankasunga othawa nkhondo. Ife tinali ndi malume a Fabiyano, amene anabwera kale kudzakhala tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Namitete. Njira ndinkafunsa ndine, poti amayi anali chete. Mayi wina anatipatsa chinangwa chophika. Bambo wina anatikweza ngolo. Mayina awo sindikuwadziwa, koma Ambuye akuwadziwa.

Malume anawazindikira amayi ali patali, poona kayendedwe. Anataya keni yothirira nazale n'kuthamanga. Analira ngati mwana. Amayi anangoima.

Mvula inagwa. Fodya anaokedwa, anakula. Amayi ankagwira ntchito zonse. Ankapalira, ankatunga madzi, ankasesa. Koma mawu ayi. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, milomo osagwedera. Kudya ankangolawa ngati mbalame.

Mkaka unayamba kuchepa. Zuze ankakoka bere n'kulisiya, n'kulira ngati kamwana ka mphaka. Phala ankalavula. Tsitsi lake linayamba kufiira, miyendo inaonda. Malume anapita nawo amayi kuchipatala. Kumeneko anati thupi lilibe nthenda, mayiyu azidya basi, apo ayi mwanayu timutaya. Koma munthu ungamudyetse bwanji mtima wake uli kudimba la ku Makanga?

Ine pemphero langa linali limodzi. Ambuye, ngakhale andikalipire, bola alankhule.

Itafika nthawi yothyola fodya, azimayi a m'midzi yoyandikana ankabwera kudzasoka masamba m'chigafa, chishedi chija amayanikamo fodya. Pakati pawo panali a Nambewe. Anali mayi wamkulu thupi, wa zidzukulu kale, woyambitsa nyimbo kutchalitchi. Akaseka, fodya wopachikidwa ankachita ngati akugwedera.

Tsiku lina anandikokera pambali. "Kodi iwe, mayi akowa amanga chiyani pachitenjepo? Mankhwala?" Ndinawauza zonse, za mtengo wa mango, za abambo owonjezera powerenga. "Phada, eti?" Anangotero. Anandipukuta kumaso ndi chikhatho chawo chonunkha fodya, n'kubwerera pantchito.

Mawa lake masana, anthu akupuma, a Nambewe anatenga kamtengo n'kukumba kadzenje pakati pa chigafa, pafupi penipeni ndi mapazi a amayi. Anatulutsa timiyala m'thumba la diresi ndi kandimu kakang'ono koponya.

"Iwe wa ku Mozambiki, bwera kuno ndikuonetse phada wa ku Namitete."

Azimayi anayamba kuseka. "A Nambewe, mawondo amenewo adzukanso pamenepo?"

"Akakana mundinyamula. Ndimakuimbirani ulele chaka chonse."

Anakhala pansi kuti phwaa, fumbi koboo. Amayi anali pambali, akusoka fodya, mutu uli pansi.

Chibadwire sindinaone munthu wosewera phada moipa chotero. Ndimu inagwera pamiyendo pawo. Anaitola n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Pobwezera timiyala anasiyako titatu, n'kutikankhira pansi pa ntchafu yawo.

"Mwabera!" ndinatero.

"Kubera kuti? Kuno kwathu timatero. Mlendo sadziwa malamulo."

Anaponyanso, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, maso ali kudenga ngati mngelo. Timiyala tina tinalowanso pansi pa ntchafu. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinali nditaiwala kuti ndi masewera. Ndinkangoona kuti andilanda mudzi, andilanda abambo, tsopano akundilandanso phada.

Nditacheuka ndinaona kuti singano ya amayi yaima. Maso awo ankatsata ndimu ija. Ikakwera, akwera. Ikatsika, atsika.

A Nambewe anaberanso, tsopano poyerayera, mochita kukokera ndi manja awiri.

"Dzukani pamenepo."

Mawuwo anatuluka m'kamwa mwa amayi mosasa, ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa. Malume, amene ankapachika fodya pamwamba, anaima mwendo umodzi uli m'malere.

"Kodi mukunena ine, mayi?" anafunsa a Nambewe.

"Inuyo. Mwakhalira miyala. Mukumubera mwana."

A Nambewe anagwira mawondo n'kudzuka pang'onopang'ono. Pamene anakhalapo panali mulu wa timiyala. Anauyang'ana modabwa, manja ali m'chiuno. "Mayo ine! Ndaikira mazira!"

Anthu anagwa nako kuseka. Wina anagubuduka pamasamba a fodya. Kenako amayi anaseka. Kusekako kunasanduka kulira, kulira kwenikweni kumene sanalire pachulu paja. Palibe anawaletsa. A Nambewe anangowagwira phewa mpaka anamaliza.

Atapukuta misozi, amayi anamasula mfundo ija ndi mano. Mwala unatuluka uli wakuda, wosalala, monga kale. Anandipatsa Zuze. Anakhala pafumbi, natambasula mwendo umodzi monga ankachitira kwathu.

Anaponya. Zala zinali zitauma. Mwala unagwa pansi.

"Mwafa!" anakuwa a Nambewe. Atangotero anadzigwira pakamwa, poti anakumbukira kumene tinachokera.

Amayi anatola mwala wawo n'kuupukuta pa kapulana. "Sindinafe," anatero. "Kumeneko kunali kuyesera."

Anaponyanso. Tsiku limenelo anadya timiyala tonse ta m'dzenje, a Nambewe osapatsidwanso mpata. Azimayi ankawomba m'manja, ena nthungululu. Kapitawo anabwera kudzaona chaletsa ntchito. Anaima pakhomo, nayenso n'kuyamba kuwerenga.

Madzulo ake amayi anadya, namaliza. Anadandaulanso kuti ndiwo ndaperewera mchere. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kugwada. Ndinati zikomo Ambuye, andikalipira.

Mkaka sunabwere tsiku lomwelo, koma unabwera. Zuze anayamba kukoka bere mwamphamvu, kuchita kumveka kumeza. Pamene fodya ankapita kumsika, iye n'kuti akukwawa m'chigafa, akutola timiyala ta phada n'kumaika m'kamwa.

Ndili wamkulu ndinawafunsa a Nambewe ngati anachita dala. Anati, "Ine? Ine phada ndimamutha kwabasi. Mayi akowo ndiwo ankabera." Mpaka anamwalira osavomera.

Nkhondo itatha, nthawi imene kuno anthu ankavotera zipani zambiri, anzathu ochuluka anabwerera kwawo. Ife tinatsala. Amayi aakulu anapezeka ali moyo, ndipo anabwera kudzatiwona. Anapeza amayi ali pafumbi ndi ana a matenanti. Anatsegula pakamwa kuti ayambe zija za mwambo. Kenako anatula katundu pansi. "Tasendera uko, Malita," anatero, n'kukhala nawo.

Ndiwo anatiuza kuti kudimba kuja kunamera bango. Abambo sanapezeke, ngakhale khasu lawo.

Zuze ali ku Nsaru, amakonza njinga, ali ndi ana akeake. Amayi anakalamba, anaona zidzukulutudzi. Zala zitakana kuwakha, ankakhala pamkeka n'kumagwira ana obera.

Mwala uja uli ndi ine, pamwamba pa khomo. Ndi chinthu chokhacho chimene tinachoka nacho ku Makanga. Lachinayi tikaweruka kumapemphero a azimayi, ndimavula mpango woyera, n'kuupinda bwino, n'kukhala pafumbi ndi adzukulu anga. Odutsa ena amaseka. Ena amati, "Mayi a mpingo, zimenezo n'za ana." Ndimawauza kuti pamalo alipo, akhale.

Mdzukulu wanga akadya timiyala, ndimawerenga mokweza. Ndimawonjezera dala.