Mawu amodzi a Chingerezi amene anam'thawitsa Fausto pasiteji

Inu amene munasekedwapo pagulu mpaka kusowa poyang'ana, imvani za Fausto.

Fausto anali wa kabaza ku Milange. Ankanyamula anthu ndi matumba a nandolo kuchokera kumsika kukafika pachipata cholowera ku Malawi cha ku Muloza. Sukulu anaphunzira m'Chipwitikizi, n'kuisiyira panjira. Chingerezi ankangotolatola kwa okwera.

Bungwe lina lothandiza alimi litalengeza kuti likufuna womasulira, mlamu wake Henrique, yemwe anali dalaivala kumeneko, anakam'perekera dzina.

"Alamu, ndawauza kuti Chingerezi mumachitha. Musakandichititse manyazi," anatero Henrique.

Tsiku la mafunso, mayi wina wa ku Malawi anam'funsa m'Chingerezi kuti amulembe iyeyo chifukwa chiyani. Fausto anakumbukira mawu a Chipwitikizi akuti "pretender", kutanthauza kukhala ndi cholinga, ndiye anangowadula mchira.

"I pretend to be honest," anayankha, dzanja lili pachifuwa.

Mayi uja anafunsa ngati akutanthauzadi zimenezo. Fausto anabwereza mokweza, n'kuwonjezera kuti amatero tsiku lililonse. Ofunsa onse atatu anafa ndi phwete. Iyenso anaseka nawo, osadziwa chosekedwa.

Panja Henrique anam'kokera pambali. "Mwawauza kuti mumanamizira kukhala wokhulupirika! Ine ndilowamo bwanji mawa muofesimu?"

Nkhani inafika pasiteji ya njinga dzuwa lisanapendeke. Anzake anam'patsa dzina loti Pulitendi. Kunyumba anauza mkazi wake Olinda kuti ntchito ija aichotsa. Olinda anali atamva kale kwa mchimwene wake, koma anangoti, "Chabwino, bambo." Fausto anasiya njira ya kuchipata, n'kumapalasa yakutali ya ku Mongue kumene sankam'dziwa.

Patapita miyezi iwiri ananyamula a Mikayeli, mphunzitsi wopuma wa ku Mulanje amene ankafuna mbewu ya nyemba. Pachitunda anatsika n'kumayenda. Apo Fausto anawafunsa.

"Aphunzitsi, kodi 'pretend' ndiye kuti chiyani kwenikweni?"

"Kunamizira. Kudzionetsa ngati chimene suli. Ana akamasewera masanje, amatinso akuchita 'pretend'. Anzake a mawuwa ndi 'fake', 'feign', nthawi zina 'act'. Bwanji?"

Fausto anaulula zonse, maso ali pa tcheni cha njinga. A Mikayeli sanaseke.

"Simunatole patali, achimwene. Mawu anu aja ndi a Chingereziwa ndi apachibale. Onse anachokera ku Chilatini, kutanthauza kutambasula chinthu patsogolo pako. Mpwitikizi amaika patsogolo cholinga chake, Mngerezi amaikapo chobisalira. Munkafuna kunena 'intend'. Ndipotu mawu opusitsa otere alipo ambiri."

Mlungu womwewo Fausto anawoloka malire n'kukagula dikishonale yakale ku Limbuli, yopanda chikuto. Akamadikirira okwera, ankalemba m'kope mawu ofanana ndi a Chipwitikizi koma osiyana tanthauzo. Kenako anaitana Olinda.

"Mayi, ndinakunamizani. Ntchito ija sanaichotse. Ndinalephera ine."

"Ndinkadziwa," anatero Olinda. "Chimene chinkandiwawa n'choti munkasenza nokha."

Anabwerera pasiteji yake. Akamukuwiza kuti Pulitendi, ankachita manyazi, koma sankachoka. Chaka chotsatira anakayesa ntchito yomasulira kwa ogula nandolo ndipo analepheranso, poti ankayankhula mochedwa. Anayamba kuyankhulitsa aliyense wodziwa Chingerezi amene wakwera njinga yake, n'kumapempha kuti azimukonza.

Atayesa kachitatu, anam'lemba ntchito. Lero Fausto amamasulira pamisonkhano ya alimi ku Majaua, m'Chingerezi, m'Chipwitikizi, m'Chinyanja ndi m'Chilomwe. Akakumana ndi mawu achilendo, amakweza dzanja pamaso pa onse n'kunena kuti, "Pepani, amenewo sindiwadziwa. Tandiuzani."

Inunso mwina muli ndi tsiku limene mukalikumbukira mumagwetsa nkhope. Musabisale nalo mpaka kukalamba. Pezani munthu, mufunse chimene munalakwitsa, mukayesenso. Osataya mtima.