Thabwa la Tiyamike

Ndinachoka pakhomo ku Nancholi 8 koloko m'mawa Loweruka, nditapsa kale mtima. Mwana wanga Tiyamike, wa Fomu 2, anali ataitana anzake atatu kuti adzaonere limodzi filimu madzulo. Chiyambire sukulu ya ana a mabwana ija pa basale, anali asanabweretsepo mnzake pakhomo, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa ngakhale sankachitchula. Anapempha chinthu chimodzi: zokhwasulakhwasula ziyalidwe pathabwa, monga pachithunzi cha mufoni mwake.

"Osati m'mbale, amayi. Ndipo chonde, zitumbuwa ayi."

Zitumbuwa zomwe ndimagulitsa, zomwe zamulera mpaka kudziwa kukana! Ndinangotenga chikwama.

Kukafika m'tauni pa minibasi ndinalipira K700, titaima pa Manase nthawi yokwanira kuphika nyemba. Pokwerera za ku Limbe woitanira anandikokera mkono. "Wotsala mmodzi, masiteni, ikunyamuka iyi!" Nditakhala pansi, anthu asanu amene ndinawapeza mkati anatsika mmodzimmodzi. Anali oitanira anzake, ongodzazitsa mipando kuti zitsiru ngati ine zikwere. Tinanyamuka patatha theka la ola, K800 itapita kale.

Ku Limbe ndinafika 11 koloko. Ndinalowa m'sitolo ina ya Amwenye momwe munali mayi wachikulire pakauntala, n'kumuonetsa chithunzi chija. Anavala magalasi, n'kuseka.

"Mama, izi zakudazi ndi maolivi. Ana salawa n'komwe, amalavula. Mdzukulu wanga amandivutanso ndi zithunzi zomwezi."

Anandipimira tchevuda, tokazinga tawo ta tsabola tija, n'kuwonjezera tende, tizipatso touma totsekemera tija, masamusa khumi ndi mabisiketi amchere. Tchizi ndinagula kakang'ono ngati sopo wotsala kubafa, mtengo wake sindiutchula kuopa kuyambiranso kukwiya. Mumsika ndinapezamo mtedza, mbuliwuli ndi kaphava ka mphesa.

Chinatsala ndi thabwa lenilenilo. Kalipentala wa kuseri kwa msika anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Thabwa lodyerapo? Kwanuko mbale zatha, mayi?"

"Inu dulani basi. Ndikafuna mafunso ndipita kupolisi."

Koma ntchito ankaidziwa. Anadula la paini, lotalika ngati mkono wanga, n'kulipala mpaka kusalala, m'mbali namo kuzunguliza bwino. Ndinapereka K4,000, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinamwetulira.

Kumwetulirako kunathera pa Ginnery Corner. Minibasi yobwerera m'tauni inali itadzaza kale, koma dalaivala anaima ataona bambo wina wajekete, thupi lake la anthu awiri. Kondakitala ananditembenukira mwaulemu wodabwitsa.

"Masiteni, tabweretsani chithabwacho ndikusungireni, chikukupanikizani."

Ndinamupatsa, ndikumuyamika mumtima kuti analeredwa. Iye analitenga n'kuligoneka pampata wa pakati pa mipando iwiri, pomwe anthu amadutsira. Bambo uja anakhalapo phwata! Thabwa linalira.

"Iwe! Chotsa thabwa langa pamenepo!"

"Mpaka m'tauni pokha, masiteni, sipatali."

"Limenelo ndi lodyerapo!"

Minibasi yonse inafa ndi phwete. Bambo wajekete anadzisuntha kuti akhazikike bwino, n'kunena kuti, "Mayi, thabwa ndi thabwa. Silinalembedwe." Magazi anandikwera kumutu. Ndinamuuza kuti ngati kwawo amadyera pomwe akhalira, zimenezo ndi zakwawo. Kondakitala ndinamufunsa ngati amayi ake amadziwa kuti anabala wakuba wa masana. Ndinagogoda denga la galimoto mpaka dalaivala anaima. Mayi wina kumbuyo anandithandiza: "Mubwezereni, inu, n'cha mwana wake mwina." Bambo uja anadzuka akung'ung'udza, ulendo wotsalawo anaumaliza atawerama ngati akufuna ndalama yogwa. Thabwa linabwerera m'manja mwanga lili lofunda. Sindinamve kunyansidwa kotero chibadwire.

Pakhomo ndinafika 4 koloko, mawu omukalipira Tiyamike nditawakonza kale kuchokera pa Manase. Koma ndinapeza pabalaza pokolopedwa, mpando wong'ambika utafundidwa chitenje changa chatsopano, beseni la zitumbuwa atalibisa kuchipinda. Thabwa ndinalitsuka katatu ndi madzi otentha, osamuuza chifukwa. Iye anayala yekha: masamusa pakati, tende uku, mphesa uko, tchizi atakadula tizidutswa topyapyala kuti tikwane. Kunena zoona, zinaoneka bwino kuposa pachithunzi.

Inakwana 5 koloko. Inakwana 6. Tiyamike ankangotuluka kukasuzumira kumsewu. Kenaka foni yake inalira, anawerenga, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Akuti chiyani?"

"Mnzanga akuti adadi ake akuti Nancholi n'kutali, msewu ungawononge galimoto. Onse atatu amabwera m'galimoto imeneyo."

Kutali! Ine ndakwera maminibasi anayi, ndatukwanizana ndi anthu osawadziwa, ndiye wina wa galimoto yakeyake akuti kutali? Ndinafuna nambala ya bambo ameneyo. Koma mwana wanga anali atazyolika, misozi ikugwera pa diresi yomwe anaisita kawiri, ndipo mkwiyo wanga sukanamuthandiza kanthu.

Ndinayatsa TV ndekha, n'kukhala pambali pake.

"Ukudziwa kuti thabwa lakoli lakwerapo munthu lero?"

Anadzutsa mutu. Ndinamufotokozera zonse, jekete, phwata uja, mpaka kufunda kwake. Anayamba ndi kukuwa kuti "Amayi!", akuyang'ana samusa yomwe anali ataluma kale, kenaka anaseka mpaka kutsamwa, misozi yakale ndi yatsopano kusakanikirana.

Ulendo umenewu unandiphunzitsa kusapatsa kondakitala chinthu chilichonse chafulati. Wajekete ndi wa galimoto aja sindinawakhululukire, ndipo sindikulonjeza. Filimu ili pakati, Tiyamike anadzuka n'kulowa kuchipinda. Anabwera ndi zitumbuwa zinayi, anasuntha tchizi kumbali, n'kuziika pakati penipeni pa thabwa.