Noti ya Mchimwene Wanga

Ndikukumbukira tchuthi chimene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene ku tchalitchi chathu cha Angilikani, kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, kunabwera a Mtambo, mphunzitsi wa kusukulu ya nyimbo mumzinda. Kwaya yonse sanaifune. Anatimvetsera mmodzimmodzi n'kusankha anayi okha: mchimwene wanga Barnaba pa soprano, ine pa alito, ndi anyamata awiri a kusekondale pa tena ndi besi. Anatipatsa masabata awiri. Loweruka lomaliza tinayenera kukaimba paboma ku Mangochi, ndipo gulu lopambana likanatengedwa kukaphunzira kusukulu yawoyo.

Ine chimene chinkandisangalatsa chinali kukwera matola basi. Barnaba ndiye anaikapo mtima wonse. Bambo anali atamuuza kale kuti akapanda kusankhidwa alowe m'boti ngati anzake, poti kukoka ukonde wa chilimira kumafuna manja, osati mawu okoma.

Tinkaphunzirira m'kachipinda kovaliramo ansembe, momwe munkanunkha lubani ndi ndowe za mileme. A Mtambo ankamenya kachitsulo kamphanda pabondo, kutipatsa noti, kenaka n'kutsinzina. Wotitsogolera ndi manja panalibe. Tsiku loyamba linathera pa kukokera mpweya pamodzi, mpaka ndinayamba kukayikira ngati bambowa ankaidziwadi nyimbo ina iliyonse.

"M'kwaya waulesi amabisala," ankatero. "Pa anthu anayi palibe pobisala."

Lachitatu, tikubwerera kunyumba, Barnaba anayesa mzere wachitatu wa nyimbo yathu, pomwe soprano amakwera pamwamba penipeni. Mawu anathyoka ngati a tambala wongophunzira kulira. Ndinaseka, koma nditamuyang'ana kumaso, kuseka kunandithera.

"Agnesi, usauze munthu, wamva?"

"Ndamva, achimwene."

Tinayesa zonse: uchi, mandimu, jinja, ngakhale dzira laliwisi limene ndinaba m'khola la amayi. Sizinathandize, ndipo ndinalibe woti ndimufunse. Ndiye ndinatulukira nzeru yanga. Mawu athu ankafanana kwambiri moti amayi omwe ankasokonezeka tikaitana tili kuseri kwa nyumba. Tikafika pa noti ija, Barnaba ankangoyasamula osatulutsa kanthu, ine n'kudumpha kuchoka pa alito kukamuimbira, kenaka n'kubwerera msangamsanga. A Mtambo anali chitsinzinire, ndipo ndinadziona wochenjera zedi.

Khutu lawo lokha silinapusitsike. Ankatukula dzanja n'kunena kuti pakati pali dzenje. Dzenjelo linali alito imene ndinkaisiya. Anaganizira mnyamata wa tena, n'kumubwerezetsa mzere umenewo mpaka thukuta kuti chuchuchu. Ine ndinkangoyang'ana pansi, kumusiya avutike.

Lachinayi la sabata yachiwiri anasintha kaimidwe. Anatiika aliyense pangodya yakeyake ya chipinda, iwo n'kuima pakati. Ndinadziwa kuti zathu zada. Mzere wachitatu unkayandikira, ine ndikuyang'ana Barnaba, iye akuyang'ana khoma. Kuti ndisiye, agwa. Kuti ndiimbe, tigwidwa. Ndinaimba. Noti inatuluka bwinobwino, koma kuchokera pangodya yolakwika.

A Mtambo anatsegula maso.

"Barnaba, taimba wekha pamenepo."

Anayesa, mawu n'kung'ambika pakati. Anyamata aja sanaseke n'komwe. A Mtambo anakhala pabenchi, anavula magalasi, n'kufunsa kuti zinayamba liti. Nditawauza, anagwira mutu.

"Ana inu! Kusintha mawu si matenda, si mlandu. Mnyamatayu akukula basi. Mukanandiuza tsiku lomwelo ndikanangokusinthanitsani, iwe Agnesi pamwamba, iye pa alito. Nanga lero, kwatsala masiku awiri?"

Bola akanatikwapula. Ndinaima pangodya panga manja ali lende, ndikulira mosadziletsa.

Anayesabe kutisinthanitsa, ndisawanamizire. Tinaimba madzulo onse a Lachinayi ndi m'mawa wa Lachisanu. Koma ife nyimbo tinkaiphunzira ndi khutu, osati papepala, ndipo inali itakhazikika kale m'mutu. Pakamwa panga pankathawira ku alito, iye ankakwera kukafuna noti imene inali itamuchokera. Masana a Lachisanu a Mtambo anaitanitsa mtsikana wina wa m'kwaya amene ankaidziwa soprano ya nyimboyo. Anamugwira Barnaba paphewa n'kumuuza kuti apumitse mawu chaka chimodzi, adzakhala besi wabwino.

Loweruka Barnaba anatinyamulira chikwama mpaka kumsewu. Matola atanyamuka ndinamuona akucheperachepera m'fumbi, ndipo panalibe chimene ndikanachita. Paboma tinaimba ngati anthu okumana pamsika, osapambana kanthu. Mwezi usanathe iye anali m'boti.

Lero Barnaba ndi bambo wa ana asanu, ndipo mawu ake ndi besi yozama imene ndimangoimva akamaitana anzake padoko. M'kwaya sanabwereremo. Sanandinenepo chilichonse, mwina chifukwa chinsinsi anachiyamba ndi iye, koma ine mtima sunandimasule. Ndimaphunzitsa ana kuimba tsopano, ndipo ndikamva wina akukwirira mnzake ndimaimitsa nyimbo pomwepo, ngakhale andide. Ndinkati ndikumutchinjiriza mchimwene wanga ku manyazi. Chimene ndinachita ndi kumubisa, masiku asanu ndi atatu athunthu, kwa munthu yekhayo amene akanamuthandiza.