Khutu Lobwereka

Chizindikiro choyamba chinali kuyabwa kuseri kwa khutu lamanzere. Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Ogasiti, sukulu titatsekera, ndipo ukwati wa akulu anga ba Esnart unali Loweruka la sabata yomweyo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinakanda pamalopo ndi chala, ndinakandanso ndi chipeso, kenako ndinapita kukatsuka mbale ngati palibe kanthu.

Ukwati wa ku Lusaka suyenda popanda layinapu, gulu lija la atsikana ndi anyamata ovala mofanana amene amalowa muholo akuvina patsogolo pa akwati. Miyezi itatu tinkayeserera pabwalo la kwathu ku Chilenje, dzuwa likapendeka, sipika itakhazikidwa pandowa yovundikira, ana a m'nyumba zoyandikana atandanda pampanda. Mpaka lero mphepo ya Ogasiti ikautsa fumbi ndimamva nyimbo ija m'miyendo. Ine ndinasankhidwa kuvina kutsogolo. Ba Esnart ankasamukira ku Solwezi ukwati ukatha, ndipo ndinkafuna kuti akamatsegula zithunzi kumeneko, nkhope yoyamba kuiona ikhale yanga.

Amene ankasintha nyimbo pasipika anali Nyuma, mwana wa amayi aang'ono. Amayi athu ndi mapasa, ndiye ifenso tinatuluka ngati mabanzi a m'chiwaya chimodzi. Nyuma ndi wamanyazi, anakana kulowa layinapu. Koma ine ndi iye tinali ndi masewera athu kuyambira ku pulayimale: kusinthana. Ndinamudyerapo chakudya kawiri pa chikondwerero cha kutchalitchi, iyenso anandilimirapo chibalo kusukulu. Sitinagwidwepo.

Dzulo lake la Lachiwiri lija, tonse atsikana asanu ndi mmodzi tinatengedwa kupita ku saluni ina ku Kabwata, ya mayi wa Chibemba amene aliyense amamutchula kuti bana Chanda. Anagwirizana ndi ba Esnart kuti tonse atidetse nsidze ndi dayi kuti maso azioneka bwino pazithunzi. Bana Chanda sagwira nkhope ya munthu asanamufunse mafunso. Ali ndi kabuku, ndipo amayi anasainamo chifukwa ndinali wamng'ono.

"Iwe Zelipa, unatupapo olo kuyabwa chifukwa cha dayi olo hena?" anandifunsa.

"Awe, ba anti. Ine matenda yanga ni njala chabe."

"Nikufunsa vazoona. Ukumwa mankwala yaliyonse?"

"Tiyi na vitumbuwa."

Anzanga anaseka, ine ndinakondwa. Bana Chanda sanaseke. Anadontheza kadayi kakang'ono kuseri kwa khutu la aliyense, n'kunena kuti tibwerenso Lachitatu adzaone. Aliyense amene khungu lake lifiire kapena kuyabwa, sadzamupaka.

Yankho langa loyamba linali bodza. Zaka ziwiri m'mbuyomo, aneba athu a Chisilamu, banja lochokera ku Malawi, anakwatitsa mwana wawo. Amayi a kumeneko ankajambula maluwa m'manja ndi hena wawo wofiirira uja wa masamba, ndipo palibe amene anadwala naye. Ine ndinafuna kuposa onse. Ndinakagula wanga wakuda bii kwa munthu wina woyala malonda pansi m'tauni. Patapita masiku angapo duwa lonse linatukuka pamkono, linachita matuza, ndipo ndinalibisa m'juzi masabata awiri. Ndinali ndisanaiwale. Ndinangoganiza kuti mkono ndi mkono, nsidze ndi nsidze.

Pofika Lachitatu m'mawa, kuseri kwa khutu kunali kofiira, kotentha, ndi timatuza titatu. Ndinadziwa kuti bana Chanda akaona, ndidzakhala ndekha wa nsidze zotuwa pamzere wonse, ine wakutsogolo. Ndinaitana Nyuma. Sindinamuonetse khutulo, ndinangomuuza kuti tiyese ngati bana Chanda angatisiyanitse. Ndinamuveka jekete langa lachikasu, ndinamujambula kadontho kuseri kwa khutu ndi pensulo ya m'maso, ndinamuphunzitsa kutafuna chingamu mwamwano monga ine. Anakwera minibasi ndi anzanga aja, ine ndinatsala kunyumba ndikuseka mpaka m'mimba kuwawa. Saluni inali yodzaza tsikulo. Bana Chanda anaitana dzina langa, anapinda khutu la Nyuma, analemba m'kabuku kuti zili bwino. Kunena zoona, pa masewera onse amene tinachitapo, amenewa anayenda bwino koposa.

Lachinayi masana ndinapita ku saluni ine mwini, nditamanga chitambala kumutu mpaka kuphimba makutu. Dayi anakhala pansidze mphindi zochepa chabe. Ndinamva kunyerenyesa, koma pagalasi ndinaona mtsikana wokongola moti ndinamupatsa moni. Pobwerera kunyumba ndinali nditayamba kukanda.

Lachisanu ndinadzuka zikope zitalemera. Nsidze zinali zofiira ndi zotupa, madzi achikasu akutuluka pang'onopang'ono. Nyumba inali itadzaza alendo ochokera ku Chipata ndi ku Kitwe, aliyense ali pantchito yake, ndiye ndinavala magalasi akuda a amalume n'kunena kuti ndikuyeserera kukhala munthu wotchuka. Ndinapaka mafuta odzola. Ndinaikapo madzi oundana a m'firiji. Mnzanga wina pafoni anati mankhwala otsukira mano amachotsa kutupa, ndipo ndinapakanso amenewo; kuwawa kwake sindikufunira ngakhale mphunzitsi wa masamu. Tsiku lonse linatha choncho. Nthawi ya teni m'mawa ndinkaona ndi maso onse. Nthawi ya thu diso lamanzere linali litatsekeka. Pamene tinkayeserera komaliza cha m'ma folo, ndinagunda ndowa ya sipika, magalasi anagwa, ndipo ba Esnart anakuwa.

Ku kiliniki ya kwathu nesi anandiyeza kutentha kwa thupi, anandifunsa ngati ndikupuma bwino ndiponso ngati lilime kapena kukhosi kwatupa. Kunalibe. Anandibaya jekeseni, n'kulemba kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu chifukwa kutupa kunali pafupi kwambiri ndi maso. Kumeneko tinakhala pabenchi nthawi yaitali, khadi lili m'manja mwa amayi. Diso lamanja nalo linali litatsekeka, sindinkaona chilichonse. Ndinkangomva mawilo a machira akulira pasimenti, mwana akutsokomola kumbuyo kwanga, ndi foni ya amayi ikuitana kosalekeza: ophika, okongoletsa holo, azakhali a mkwati. Amayi sanandikalipire. Ankangondipukuta masaya ndi kansalu konyowa.

Ophunzira unesi awiri anabwera kudzalemba mbiri ya matenda. Woyamba ndinamuuza kuti zandiluma njuchi. Wachiwiri ndinamuuza kuti ndamenyedwa ndi kondakitala. Dokotala atafika, mayi wa mawu otsika, anawerenga mapepala onse awiri, n'kukoka mpando.

"Zelipa, nthabwala zako ndaziwerenga, n'zabwino," anatero. "Koma mankhwala ndikupatsa molingana ndi zimene undiuze. Ukandinamiza, wanamiza maso ako."

Ndinanena zonse: hena wakuda, khutu, jekete lachikasu. Amayi anali atalumbira kale pabenchi paja kuti bana Chanda adzawaona. Atamva, anangoti, "Mwana iwe."

Dokotala anafotokoza kuti mu hena wakuda ndi m'madayi ambiri a tsitsi ndi nsidze muli mankhwala amodzimodzi. Thupi likadana nawo kamodzi siliiwala, ndipo ulendo wachiwiri limakwiya kuposa poyamba. Khutu lija linali chenjezo lokwanira. Anati andigoneka kuti aone ngati kutupa sikutsikira kukhosi, ndiponso chifukwa khungu linali litang'ambika ndi kukanda kuja, tizilombo tikanatha kulowa. Ndinafunsa ngati ndituluka mawa isanakwane thu koloko, nthawi yolowa muholo.

"Mawa suvina," anatero.

M'wodi moyo uli ndi ndondomeko yake. Kusanache bwino nesi amabwera ndi choyezera kutentha. Kenako mapiritsi, kenako kutsuka zikope ndi madzi amchere, mafuta opaka, tiyi, kenako kudikira madokotala. Kudikirako ndiye ntchito yaikulu. Ndinaphunzira kuzindikira manesi ndi kulira kwa nsapato zawo. Pabedi loyandikana panali ba Mwape, mayi wa ku Kaunda Square wodwala shuga, amene anali atakhalamo masabata atatu ndi chilonda cha kuphazi. Anandiphunzitsa kumene kuli chimbudzi powerenga mabedi ndi dzanja. Ine ndinawabwezera powauza zimene alendo a odwala ena anyamula m'zikapu, pongonunkhiza, ndipo mayi wina anakhulupirira kuti ndili ndi mzimu wa uneneri. Sindinamutsutse.

Loweruka amayi anabwera m'mawa, anandisambitsa, n'kupita kukavala. Ndinawauza kuti apite, sindine khanda. Atachoka ndinafunda bulangete kumutu. Misozi inkawawa potuluka m'zikope zotupazo, koma inatuluka ndithu. Diresi langa la buluu linali litapachikidwa kuseri kwa chitseko kunyumba, litasitidwa kale.

Chakumadzulo foni yanga inalira. Mnzanga wa m'layinapu anali atatumiza kavidiyo. Ndinapereka foni kwa ba Mwape kuti andionere. Nyimbo yathu ija inayamba, ndipo zala zanga za kuphazi zinayamba kuvina zokha pansi pa bulangete. Ba Mwape anafuula.

"Imwe mwe bantu! Iwe mwana, uli kutsogolo apa uvina! Manje uyu agona pano ni ndani?"

Anali Nyuma. Miyezi itatu ija ali pandowa ya sipika, analoweza sitepe iliyonse. Diresi linamukwana ngati anamuyeza ndi iye. Ba Mwape anandifotokozera zonse: mmene anatembenukira, mmene anthu anaimirira, mmene ba Esnart anamukumbatira pakati pa holo. Ndinaseka, ndinalira, ndinasekanso mpaka nesi anabwera kudzafunsa ngati ndikubanika. Ndinabwereka khutu lake tsiku limodzi, iye anatenga ukwati wonse.

Lamlungu masana diso lamanja linatseguka pang'ono. Munthu woyamba kumuona anali ba Esnart, ali ndi tsitsi la ukwati lomwe lija, atanyamula keke m'kambale. Anachedwetsa ulendo wa ku Solwezi ndi tsiku limodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Waoneka monga chule, mufana wanga," ndipo anandidyetsa kekeyo ndi supuni. Kumbuyo kwawo kunali Nyuma, akulira, akuti mlandu ndi wake. Ndinamuuza kuti iye sanadziwe kanthu, ndiponso kuti pa sitepe yachitatu anachedwa kutembenuka.

Lolemba dokotala wa maso anandiunika ndi kanyali, anandiwerengetsa zilembo pakhoma, n'kunena kuti maso enieniwo sanavulale. Anati ndinachita mwayi kuti dayi sanalowe mkati. Tsiku lomwelo bana Chanda anabwera ndi malalanje ndi kabuku kawo. Anali asanagone bwino kuyambira Lachisanu, akuganiza kuti alakwitsa iwo. Ndinawapepesa, ndipo kupepesa kumeneko kunali kochokera pansi pa mtima.

"Iwe ka Zelipa," anatero, "nenze nifuna kutseka saluni chifukwa cha iwe."

Ndinatuluka Lachitatu, ndi mapiritsi a masiku angapo, mafuta opaka, ndi tsiku lobwereranso kudzaonedwa. Khungu linasupuka masabata awiri. Nsidze zinathothoka theka, ndipo sukulu itatsegulidwa ndinapita ndi nkhope yodabwa nthawi zonse. Mabala akuda anatenga miyezi kuti azimiririke.

Padutsa zaka zitatu tsopano. Maso anga ali bwino, nsidze zinamera, kungotsala kampata kakang'ono kumanzere. Dayi wa tsitsi, wa nsidze ndi hena wakuda sindidzazigwiritsanso ntchito moyo wanga wonse, ndipo ndikalowa mu saluni iliyonse ndimanena zimenezi ndisanakhale pansi. Bana Chanda masiku ano amajambula khutu pamodzi ndi nkhope ya mwini wake pafoni, ndipo makasitomala akadandaula amawauza kuti akafunse ku Chilenje. Pabwalo pathu anamangapo chipinda cha lendi, ba Esnart amabwera pa Khirisimasi pokha, ndipo ndowa ija amayi anadzalamo tomato.

Kusinthana ndi Nyuma sindinasiye. Mwezi wathawu anandiimira pamzere ku banki. Koma mukamva wokupakani mankhwala kunkhope akufunsa mafunso, yankhani zoona, ngakhale za chilonda cha kalekale chimene munabisa m'juzi. Amene safunsa kanthu ndiponso sayesa kaye pakhungu, tulukanimo. Pakayabwa kapena kutupa, musadikire tsiku lonse m'magalasi akuda monga ine, musapake za m'bafa. Tsukani ndi madzi, pitani kuchipatala, ndipo kukhosi kukayamba kuthina thamangani.

Pabalaza pa ba Esnart ku Solwezi pali chithunzi chachikulu cha layinapu. Tikakumanako ndi azakhali athu a ku Chipata, alendo akaloza wa kutsogoloyo n'kufunsa, azakhaliwo mpaka lero amayankha monyadira kuti ndi Zelipa. Ine ndimavomera ndi mutu, Nyuma amayang'ana pansi. Pa achibale onse amene anali pa ukwatiwo, ndi azakhali okha amene sanatulukirebe, ndipo chonde amene mukuwerenga musakawauze.