Ndege inafika ku Lusaka ine ndikadali mu minibasi

Malemu azakhali anga a ku Katete anandichenjeza ndili mtsikana: "Munthu akati wachokera kutali, usamuyang'ane pakamwa. Muyang'ane fumbi kumapazi." Ndakalamba nawo mawuwa. Wogulitsa makala sindimukhulupirira, kondakitala ndiye kaya.

Sabata ino andigwetsa m'dzenje.

Lachiwiri apongozi anga, amake Dalitso, anawatuma kuntchito kuti apite ku Lusaka pa ndege. Ndinawaperekeza ku bwalo la ndege kuno ku Ndola, osati mwa chikondi chokha ayi, ndinkafuna kuona ndekha. Analowa pachitseko chagalasi. Ndinadikira panja mpaka ndege inauluka, koma kukwera kwawo sindinakuone.

Ndili m'tauni, minibasi ya ku Kabushi isanadzaze n'komwe, foni inalira.

"Amayi, ndafika bwino."

"Mwafika kuti?"

"Ku Lusaka, amayi."

Lusaka iti? Ine Lusaka ndikuidziwa. Umanyamuka m'mawa, kudya nthochi pa Kapiri, kukatsika miyendo itatupa ngati mitondo. Pompo ndinaimbira mwana wanga Lazaro, mwamuna wawo, amene amagwira pa mgodi ku Kitwe. Mokweza, m'minibasi momwemo, anthu a kwathu ku Kabushi atatchera khutu.

"Iwe, akazi ako ali konkuno ku Ndola. Ufunse bwino kuti ali ndi yani."

Posakhalitsa Lazaro anandiimbiranso, mawu atazizira. Anali atawaona akazi ake pa foni yakanema, ali pakati pa anzawo a kuntchito.

"Amayi, ndege siima pa Kapiri. Ola silikwana."

Koma madzi akatayika saoleka. Lachinayi ku chigwirizano cha amayi, mnzanga wina anaimirira kupempha kuti tipempherere banja la Lazaro. Ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowemo.

Ife akale timayeza mtunda ndi kuvutika. Kumene sunafike msana ukuwawa, ndiye kuti sunafikeko. Msewu umakhota, umaima pa apolisi, umadikira thayala. Ndege imangodula ngati khwangwala. Ndi ana angati amene tawaweruza ndi mapazi athu? Mtsikana akapeza ntchito msanga, timati pali bwana. Mnyamata akamanga nyumba, timati ndi mankhwala.

Lachisanu ndinanyamula tambala kupita naye ku Chamboli, ku Kitwe, kumene Lazaro ndi akazi ake amakhala. Amake Dalitso anagwada, anandilonjera bwinobwino, analandira tambalayo. Kenaka anandiikira mpando pakhonde, ngati wobwera kudzawerenga mita ya madzi.

"Mwayenda bwanji, amayi? Sikutali?"

Sanaseke. Bola akanandilalatira.

Ndiwo amene amabwera Loweruka lililonse kudzandipima shuga ndi kundidula zikhadabo za kumapazi, poti ine sindiwerama. Loweruka ili kunangobwera mankhwala, pa njinga ya munthu wina.

Choncho mukamadutsa ku Kabushi, kuseri kwa msika, pa geti yobiriwira, mugogode muone ngati ndadzuka. Ndidzayamba ndafunsa kuti ndinu yani, mwatumwa ndi yani. Mupirire. Ndidzatsegula.