Mabatani a Shati ya Atate

Chisanu cha chaka chimene ndinali mu giredi faifi ndimachikumbukira ndi phokoso la mabatani akugundana m'chitini. Chitinicho chinali cha ba Sista Lungu, mayi wa kukiliniki ya fakitale ya nsalu, amene ntchito yawo inali yophunzitsanso odwala kudzichitira zinthu okha. Ankabwera pa njinga Lachiwiri ndi Lachisanu, nkhungu ya kumtsinje isanachoke pamadenga a komboni yathu.

Atate anagwa ali kuntchito, m'chipinda chonyikiramo nsalu mu utoto. Sitiroko inawasiya akuona zinthu ngati zili mu utsi, ndipo mutu sunkagwiranso dongosolo. Ankavala nsapato asanavale buluku. Ankathira tiyi patebulo, kapu ili pambali. Munthu amene anachoka ku Katete ndi sutikesi imodzi n'kufika pa ukapitawo muno mu Kafue, tsopano ankasochera pobwera kuchimbudzi.

Ba Sista anamanga chingwe kuchokera pakhomo kukafika kuchimbudziko, chokhala ndi mfundo zoti Atate aziwerenga ndi dzanja. Anawaphunzitsa kuika chala m'mphepete mwa kapu kuti azimva tiyi akadzaza. Koma nkhondo yeniyeni inali shati. Ankakhala nawo pamphasa, padzuwa, n'kuyamba ndi mabatani aakulu a jekete, kenako aang'ono, mpaka zala zimene zinkanunkhabe mankhwala a utoto zinayamba kupeza bowo zokha. Tsiku lina Atate anamanga mabatani onse, kuyambira pansi mpaka pakolala. Anaimirira n'kupempha Amai kuti awaperekeze kumsika, anthu akawaone.

Mwezi womwewo tinamva kuti fakitale ikuchotsa anthu ntchito. Msika unali utadzaza salaula, zovala zakale zochokera kunja, ndipo nsalu zathu zinasowa wogula. Saireni ya m'mawa ya kufakitale inaleka kulira, pachitseko cha kiliniki panakhomedwa loko. Ba Sista anabwera komaliza wapansi, popeza njinga inali ya kampani. Anandipatsa chitini chija n'kundigwira paphewa.

"Misozi, usabavalike. Olo bachedwe, ubasiye. Manja akaibala sabwelela."

Amai anayamba kupikula nsomba ku Chanyanya, ndipo ankanyamuka kusanache. Kukonzekeretsa Atate kunagwera ine. Mlungu woyamba ndinamvera. Ndinkaima pakhomo nditavala yunifolomu, mapazi atauma ndi chisanu, kuyang'ana batani limodzi likuthawa zala zawo kambirimbiri. Ndinkafika kusukulu mochedwa, aphunzitsi n'kundikwapula m'manja anzanga akuonerera.

Lolemba lotsatira belu la kusukulu linalira Atate ali pa batani lachiwiri. Ndinachotsa manja awo pachifuwa n'kumanga otsalawo mofulumira.

"Nisiye, mama, nizakwanisa," anatero motsitsa.

Ndinawayankha kuti ine ndatopa kumenyedwa chifukwa cha iwo. Manja awo anagwera pamaondo, ndipo ndinawasiya atakhala choncho pabedi.

Mawa lake ndinachitanso zomwezo, ndipo sanakane. Amai atamva anangopuma mozama, nati bola mwana asasiye sukulu. Pofika nthawi yotentha, Atate ankandidikira atatambasula mikono ngati khanda. Tiyi ndinkawamwetsa ndine, kuti asanyowetse shati yochapa. Chingwe chinaduka ndi mvula yoyamba, palibe amene anachilumikiza. Anakhala ndi moyo zaka zingapo pambuyo pake, osadzivekanso okha mpaka tsiku lowaika.

Nthawi imeneyo ndinkadziona ngati mwana wabwino, ndipo azimayi a kutchalitchi ankandiyamikira pomwe ine ndili. Nditakula ndinadzida zaka zambiri. Lero ndili ndi mwana wamkazi wa msinkhu womwewo, ndipo ndikamuona akuthamangira kusukulu ndimaona kuchepa kwa mapewa amene anasenzetsedwa ntchito ya kiliniki yonse. Amene anakhoma loko uja sanamenyedwepo ndi aliyense chifukwa cha kuchedwa kwa Atate.